Dzira Limene Ndinawaletsa Amayi

Randburg, 11 Febuluwale 2024

Okondedwa amake Yankho,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi Amayi, mwana wathu ndi abale onse kwa Wimbe. Ine kuno thupi lili gwa, kungoti mvula ya kuno imabwera ndi matalala. Kalatayi ndapatsira a Chance a transipoti pamodzi ndi katundu. Pafoni timangothamangitsana ndi mayunitsi, komanso inu mumakonda kuika mokweza, nkhani ya m'nyumba n'kumveka mpaka kuchigayo. Zofunika ndimafuna ndizilembe, kuti mawa wina asadzanene kuti sanamve.

M'chikwamamo muli mphodza mapaketi anayi, mafuta a olivi botolo limodzi, nsapato za Yankho ndi juzi la Amayi. Mafutawo si okazingira mandasi, chonde. Ndi othira supuni imodzi m'ndiwo za Amayi. Mtengo wake nditakuuzani mukhoza kukomoka.

Tsopano nkhani imene yandikhumudwitsa. Mlongo wanga Feliya wandiuza kuti pa Khrisimasi munawapatsa Amayi ngumbi, ndipo mwezi wathawu anawapeza kukhitchini akunyambita zala, m'mbale muli mitu ya usipa. Fyness, zoona zimenezi? Tinagwirizana chiyani chaka chimene anawapeza ndi matenda a shuga? Ndinalemba bwinobwino papepala: nyama ayi, nsomba ayi, mazira ayi, mkaka ayi. Zaka zitatu ndi theka tasunga lamuloli, ndiye tidzaliswe chifukwa cha tizilombo touluka?

Ine sindinena zongomva pa minibasi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuwaphikira azungu awa, ndipo m'nyumba muno simulowa chilichonse chochokera ku chiweto. Ngakhale uchi amaukana, ati ndi thukuta la njuchi. Abwana ali ndi zaka 68 koma m'mawa uliwonse amathamanga makilomita khumi, pamene ine wa zaka 41 ndikakwera masitepe ndimapuma ngati ng'ombe ya pangolo. Za ngumbizo ndinachita kuwafunsa adona. Nditawaonetsa chithunzi anatsinzina, n'kunena kuti chilichonse chokhala ndi maso iwo sadya. Ndiye mumve: ngumbi zili ndi maso, mbewa zili ndi maso. Mphalabungu sindinaziyang'anitsitse, komabe musawapatse.

Zoti mapazi awo akuchita dzanzi, kumanyerenyetsa, ndiponso lilime likuwawa, musade nazo nkhawa. Ine ndikuona kuti ndi zoipa zakale zikutuluka m'thupi. Shuga uja si watsika? Umboni wina mukufuna wotani? Mapiritsi awo a shuga asadumphitse.

Fodya yambani kuthyola wa m'munsi. Denga la chigafa chakumadzulo likudontha, muwapemphe amalume a Moffat alikonze masamba asanalowe. Kusankha muwasiyire Amayi monga mwa masiku onse. Zala zimene zija zimadziwa tsamba kuposa maso a ogula, mukumbukira kuti eni esiteti ankachita kuwatumira thirakitala.

Za mapepala anga musamafunse pafoni. Zikuyenda mmene zikuyenderamo.

Ndine wanu,
Prosper


Randburg, 28 Epulo 2024

Amake Yankho,

Moni nonse kumeneko. Ine ndadzuka, koma kunena zoona chiimbire inu Lachinayi lija mutu wanga sukugwira. Mabelo awiri abwezedwa kumsika chifukwa chosakaniza? Fodya wosankha Amayi? Ndinakufunsani katatu chifukwa ndinkayesa netiweki ikundinamiza. Munthu amene ankagwira tsamba ali chitsinzinire n'kunena kuti ili ndi la m'munsi, ili la pakati, ili linapsa ndi dzuwa, lero aike lakuda ndi lofiira pamodzi! Sindikumvetsa.

Mwati eni ake akunena kuti zala sizikumva kanthu, ngati avala magolovesi. Mwatinso nthawi yosoka fodya singano inkangowapulumuka, ndipo poyenda akumagwira khoma ngati woledzera, chikhalirecho mowa sanaulawepo chibadwire. Zonsezo ndikanapirira. Chimene chandilasa mtima ndi cha Yankho. Mdzukulu amene anamulera pamsana pawo, amuyang'ane n'kumufunsa kuti, "Kodi iwe ndiwe mwana wa yani?" Ndinakhala pansi m'khitchini muno, mpeni uli m'manja, osadziwa kuti ndimadula chiyani. Mwanayo mumuuze kuti agogo ake amangomuseka.

Ukalamba ayi, ndakana. Zaka 63 ndi ukalamba umenewo? Abwana kuno ndi aakulu kwa iwo koma amawerenga mabuku awiri pa sabata. Ine ndikuganiza zinthu ziwiri. Choyamba ndi maso, ndiye ndaika magalasi owerengera m'katundumo, awayese. Chachiwiri, pali wina amene akuwadyetsa zoletsedwa mobisa. Sindikuloza inu chala, munalonjeza ndipo ndakhulupirira. Koma ndimawadziwa anthu akwathu. Kumaliro amangomuunjikira munthu wamkulu nyama ya mbuzi, ati ndi ulemu, ndipo Amayi sangakane pagulu. Kuyambira tsopano akamapita kumaliro kapena kuchinkhoswe muziwaikira nyemba zawo m'kontena. Anthu aseke, thupi si lawo.

Mabelo aja mumasule, musankhenso inu ndi Feliya. Muchite Amayi akapita kutchalitchi kuti asaone, angachite manyazi. Kumene ndikuchokera sindinamvepo kuti Amayi anga a Zelesi awabwerezera ntchito.

Kuno kwayamba kuzizira. Apolisi akumaima pa renki ya matekisi kufunsa mapasipoti, ndipo mnzathu wina wa ku Kaluluma anamutenga Lolemba, mpaka lero foni yake sikupezeka. Ine sindiyendayenda. Ndimangotuluka Lamulungu kukacheza ndi anyamata akumudzi ku Cosmo City, dzuwa lisanalowe ndabwerera.

Mundiuze ngati magalasiwo athandiza.

Prosper


Randburg, 16 Juni 2024

Fyness,

Moni. Za umoyo wanga zisiyeni, ndili moyo. Mukhululuke kalembedweka.

Ndamvetsera uthenga wanu wa pafoni kasanu. Ndilembe mmene ndamvera, ngati ndalakwitsa mundikonze. Lachiwiri m'mawa a Masauko, oyandikana nafe aja, anapita kuchigafa chawo n'kuwapeza Amayi atakhala pakati pa fodya, opanda mpango, bulauzi atavala chotembenuza, mapazi ali magazi okhaokha chifukwa choponda zitsa osamva. Atawafunsa, Amayi anayankha kuti akudikira a Benjamin abwere ndi ngolo. Abambo anga, Fyness! Munthu amene tinamuika m'manda mu 2015, Amayi omwewo n'kumeta tsitsi lawo!

Ndiye a Masauko, m'malo mowafunditsa nsalu n'kuwaperekeza, anakuwa kuitana mudzi wonse. Akuti Amayi agwa m'lichero pobwera kotamba. Akuti n'chifukwa chake mwana wawo wakhanda akudwaladwala. Akuti munthu wanji wosadya nyama pamaliro, woyenda ndi kontena yakeyake, ndiye kuti amakhuta nyama ina kumene amapitako. Kontena imene ndinalamula ine kuti iwateteze, lero yasanduka umboni wa ufiti. Amayi anga, amene anaphunzitsa theka la akazi a m'mudzimo kusankha fodya, mkazi wa a Masauko yemweyo ali m'gulu!

Ndili ndi mantha. Tonse timamva zimene zimachitikira okalamba akangowatchula dzina limenelo. Choncho chitani izi. Asatuluke okha ngakhale kupita kuchimbudzi. Feliya asamukire kwathuko kwa kanthawi, mukhale awiri. Kumjigo muzipita inu, ndipo wina akakunyozani musamuyankhe. Amalume a Moffat akuti akufuna kuwatengera kwa mneneri wa ku Kaomba kuti akawatulutse ziwanda. Muwauze mwaulemu kuti mwana wawo wakana. Kumeneko amamanga anthu ndi zingwe.

Mwandifunsa kuti bwanji osabwera. Funso limenelo landipweteka chifukwa yankho lake mukulidziwa. Kutuluka m'dziko muno n'kosavuta, chovuta ndi chidindo chimene angandipatse pachipata. Tisiye pomwepo.

Mwanenanso kuti mwina tiwapatseko kamsuzi ka nkhuku, poti awonda ndipo nkhope yatuwa. Ayi. Mutu wasokonezeka kale, tisawonjezerepo shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chakudya chokhacho ndi chimene tachigwira bwino, musachisinthe.

Mundipempherere, inenso ndikukupemphererani.

Prosper


Randburg, 7 Julayi 2024

Mkazi wanga Fyness,

Moni kwa inu ndi onse. Musanawerenge kalatayi khalani pansi. Zina ndakuuzani kale pafoni mothamanga, koma zimene ndinalephera kutchula ndi pakamwa ndazilemba muno.

Lachisanu ndinapsereza mpunga kachiwiri sabata imodzi, n'kudzichekanso chala. Adona anandikhazika pampando n'kundifunsa chimene chikundidya. Ndinawafotokozera zonse: zala, miyendo, kuiwala, chigafa cha a Masauko. Pomaliza ndinawonjeza, ndipo ndinanena monyada, kuti, "Chodabwitsa n'chakuti amadya bwino ngati inuyo. Zaka pafupifupi zinayi osakhudza nyama, nsomba, dzira kapena mkaka. Ndinawaphunzitsa ndine."

Adona anafunsa kuti, "Nanga B12 akumwa?"

Ine ndinati, "Bii chiyani?"

Anagwira pakamwa. Ananyamuka n'kutsegula kabati ya pamwamba pa ketulo, n'kutulutsa kabotolo ka chivindikiro chofiira. Fyness, kabotolo kameneko ndakhala ndikukasuntha tsiku ndi tsiku popukuta shelefu, zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkayesa ndi mankhwala a mutu. Anati iwo ndi abwana amamwa kam'bulu kamodzi m'mawa uliwonse asanatsike kudzadya, ndipo munthu wosadya za chiweto sangakhale popanda timibulu timeneti. Anandionetsanso paketi ya mkaka wa soya umene ndimawathirira. Pambali pake panalembedwa kuti anathiramo kale vitamini yemweyo. Ine ndinkangoona mbale, osadziwa kuti chakudya china chili m'kabati.

Nthawi yomweyo anaimbira mnzawo wina dokotala, ndipo ndinalankhula naye ndekha. Anati vitamini ameneyu m'masamba, m'nyemba ndi m'chimanga mulibe. Amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Ntchito yake ina ndi kusamala chokutira cha mitsempha, chonga pulasitiki ya pa waya wa magetsi. Akasowa, chokutiracho chimayamba kutha, kuyambira kumapazi ndi kuzala mpaka ku ubongo. Munthu amachita dzanzi, amadzandira, amaiwala, ena amayamba kuona zinthu zimene palibe. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji zaka zoyambirira ankaoneka athanzi. Anati chiwindi chimasunga vitaminiyu ngati nkhokwe, munthu n'kumatapa pang'onopang'ono zaka zingapo, mpaka pansi kuyera. Anatinso mapiritsi ena a shuga, ukamwa nthawi yaitali, amachititsa kuti thupi lizilephera kumutenga bwino. Sanalumbire kuti matenda ndi amenewa basi, poti wodwala sanamuone, koma anati zizindikiro zonse zikuloza komweko.

Ndiye kuti usipa ndi ngumbi zimene munkawapatsa mobisa mwina ndi zimene zinkawasungako. Inu munali dokotala, ine n'kukukalipirani m'kalata ngati wakuba.

Pali chinanso, ndipo ichi ndi chimene chikundichititsa manyazi kwambiri. Ku Cosmo City kumene ndimapita Lamulungu lililonse sitimangocheza. Timadya zipalapasiro ndi mitu ya nkhuku, mwezi ukatha timagula mutu wa ng'ombe. Sindinadumphitsepo. Ndinkadziuza kuti ine ndilibe shuga, lamulo ndi la odwala. Ndinkapukuta mafuta pakamwa n'kubwera kudzakulemberani kuti Amayi asalawe ngumbi. Mundinene mmene mungafunire, ndilibe poyankhira.

Tsopano thamangani. M'envulopumu muli pepala la Chingerezi limene dokotalayo walemba. Mupite nalo kuchipatala chachikulu pamodzi ndi Amayi, akawayeze magazi. Akuti pamene zafikapa pakufunika jakisoni, poyamba pafupipafupi, kenako mwa apo ndi apo. A Chance anyamulanso mabotolo awiri a timibulu tija. Ndipo lero lomwe, musadikire mawa, muwaphikire mazira. Iphani nkhuku, chiwindi chikhale chawo. Gulani usipa ndi mkaka. Pepala langa la malamulo lija mulitenthe.

Dokotala wanenetsa chinthu chimodzi: nthawi. Akathandizidwa msanga nzeru zikhoza kubwerera, koma miyezi ikachuluka zina zimapita osabweranso. Ndikawerenga kuchokera Febuluwale uja, yakwana kale miyezi isanu.

Pepani, Fyness. Pepani kwambiri.

Prosper


Randburg, 4 Ogasiti 2024

Amake Yankho,

Moni. Zikomo chifukwa cha ulendo wa kuchipatala, ndikudziwa kuti kuwakweza pa kabaza munthu wosakhazikika sinali ntchito yamasewera. Magazi atsimikiza zimene ananena dokotala wa kuno. Ndinayesa kuti tapulumuka. Sindinadziwe kuti mdani wamkulu ndinamudzala ndekha.

Ndiye mukuti akukana kudya? Dzina la mdzukulu wawo aiwala, imfa ya amuna awo aiwala, njira ya kutchalitchi aiwala, koma lamulo langa lokha ndi limene latsala m'mutu? Feliya akuti mukawaikira dzira amakankha mbale n'kunena kuti, "Prosper anandiletsa." Akuti pepala lija munalephera kulitentha chifukwa analisunga m'buku la nyimbo, ndipo bukulo amalikhalira. Ine ndinkayesa kuti amangomvera mwaulemu. Sindinadziwe kuti amandikhulupirira chotere.

Za Lachitatu lija simunamve zonse, chifukwa munawapatsa foni n'kupita kukaphula madzi. Ndinati, "Amayi, ndine Prosper. Ndinalakwitsa. Idyani mazira, idyani nsomba, imwani mankhwalawo." Amayi anati, "Bambo inu, sindikukudziwani. Mwana wanga ali ku Joni ndipo sangandiuze zimenezo. Mwana wanga amandikonda." Ndinawatchulira dzina la abambo, la ng'ombe yathu yoyamba, la mphunzitsi amene anandikwapula mu Sitandade 4. Anangoti, "Akuphunzitsani bwino," n'kuponya foni pamphasa. Ndinalira ngati mwana, kuseri kwa garaja ya eni ake.

Zoti akukunenani kuti mukufuna kuwapha ndi poizoni, chonde musaziike kumtima. Dokotala akuti kukayikira anthu ndi mbali ya matenda omwewa. Ndikudziwa kuti kulemba n'kosavuta, amene mukutukwanidwa mukuwasambitsa ndi inu. Timibulu timene mwatipeza pansi pa mphasa musatitaye. Muwapepesenso a Evelyn, anamwino aja, chifukwa cha dzanja limene Amayi analuma. Mwezi wathunthu jakisoni mmodzi yekha, pamene amafunika ambiri! Ndayamika kuti a Evelyn anaima pamjigo n'kuwafotokozera amayi a m'mudzi kuti awa ndi matenda. Mwati ena amva, koma oponya miyala padenga lathu sanasiye, ndipo a Masauko akuti mwana wawo akangomwalira tidzaona.

Ndayesa kuganiza zowanyenga, monga kusinja usipa n'kuthira m'chigwada. Mwati amanunkhiza n'kusiya mbale yonse. Ndiye musabwerezenso, angasiyiretu kudya.

Ndasowa pogwira, Fyness. Masabata akutha.

Prosper


Randburg, 18 Ogasiti 2024

Fyness,

Moni nonse. Ndilemba mwachidule, a Chance akudikira panja.

Ndikubwera. Ndinyamuka Lachinayi pa basi yodzera ku Tete. Zimene sindinkafuna kunena pafoni ndi izi: chilolezo changa chinatha mu 2022. Akandiona pachipata adzandidinda kuti ndisapondenso dziko lino, akuti mwina mpaka zaka zisanu. Ntchito ndiye yathera pomwepo, ndasiyira mnzanga. Nyumba ya njerwa ija idikire, za sukulu ya Yankho tikakambirana pamaso.

Adona alira, ati akanadziwa kuti mafunso anga a ngumbi anali a munthu weniweni akanandifunsa zambiri. Ndawauza kuti wolakwa si iwo. Ndinaonera theka la chinthu n'kukhala mphunzitsi.

Mawu anga awakana, mwina nkhope aivomera. Musawauze kuti ndikubwera, angadikire munthu wina wosiyana ndi amene adzatsike basi. Zaka zisanu ndi chimodzi n'zambiri, ndanenepa ndipo imvi zayamba. A Evelyn muwapemphe akhale pafupi Loweruka masana.

Wanu,
Prosper


Lilongwe, 8 Disembala 2024

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ine mwana wanu Prosper ndili bwino. Ntchito yophika pa kanyumba ka alendo kuno ikuyenda, malipiro ndi ochepa koma palibe wondifunsa pasipoti. Ndamva kuti mwayamba kuyenda ndi ndodo mpaka kutchalitchi, ndiponso kuti mwamukalipira Yankho chifukwa chosesa mokhotakhota. Nkhani imeneyo yandisangalatsa kuposa ina iliyonse chaka chino. Kalatayi akuwerengereni Fyness, pang'onopang'ono, muli awiri.

Mwakhala mukufunsa kuti munadwala chiyani, ndipo aliyense amangoti ndi kuchepa kwa zina m'magazi. Ndamvanso kuti mwauza amayi a kutchalitchi kuti pamene munali pafupi kufa, a Benjamin anabwera kudzakudyetsani. Masiku amenewo simukuwakumbukira bwino, ndiye ndikuuzeni mmene zinakhalira.

Ndinafika Loweruka masana, pa 24 Ogasiti. Munali pakhonde, mutawonda moti ndinayamba ndakupitirirani ndi maso. Ndinagwada n'kukupatsani moni. Munandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yanu n'kuwala, ndipo munati, "A Benjamin, mwachedwa kuti? Fodya wagulidwa?" Ndinafuna kunena kuti ndine Prosper, koma Fyness ananditsina pamsana. Ndiye ndinatsitsa mawu n'kuyankha kuti, "Ndabwera, a Zelesi. Wagulidwa bwino."

Munayamba kundidandaulira. Munati mwana wathu wa ku Joni anakuletsani ndiwo zonse zabwino, mukumva njala koma simukufuna kumukhumudwitsa chifukwa amakukondani. Amayi, mawu amenewo sadzandichoka. Ndinayankha monga ankanenera abambo: "Mwana ameneyo ndi chitsiru, musiyeni. Mwini nyumba ino ndine. Idyani." Munaseka, kuseka kwenikweni, n'kudya mazira awiri ndi manja anga. A Evelyn atabwera ndi jakisoni munapereka mkono nokha, dzanja lina litagwira langa.

Masabata asanu ndi limodzi ndinakhala abambo. Ndinkavala chipewa chawo, kukhala pampando wawo, kukupatsani kam'bulu m'mawa uliwonse. Anthu oponya miyala aja ataona mukuchira ndi mankhwala a kuchipatala anayamba kudutsa chozolika, ndipo mwana wa a Masauko anapezeka kuti anali ndi malungo. Kenako m'mawa wina mu Okutobala munandiyang'ana n'kunena kuti, "Prosper, wafika liti? Wanenepatu." Ndinathawira kuseri kwa chigafa kukalira. Madzulo ake munafunsa kuti abambo apita kuti, ndipo munawaliranso kachiwiri ngati amwalira dzulo. Maliro achiwiriwo ndinakubweretserani ndine.

Choncho amene anakudyetsani sanali abambo, ndinali ine. Koma musandithokoze, chifukwa amene anakudwalitsani ndinenso. Lamulo limene ndinakupatsani linakumanani chinthu chimene ubongo ndi mitsempha sizingakhale popanda icho. Ndinaonera kwa azungu, osadziwa kuti iwo amamwa mankhwala obwezeretsa. Inu munamvera zaka zinayi, ine wolamula ndikudya nyama Lamulungu lililonse. Pa mawu onse amene ndinalankhula m'dzina la abambo, oona anali oti mwana uja ndi chitsiru.

Chatsala ndi chovuta kwambiri. Fyness akuti mukunena kuti fodya amene akuokedwayu mudzasankha nokha. Amayi, ndinawafunsa adokotala za zala zanu. Akuti nzeru zabwerera, miyendo ikhoza kuonjezerako, koma pazala tinachedwa, ndipo sakukhulupirira kuti zidzamvanso tsamba. Sindikufuna kuti mudzazindikire nokha m'chigafa, anthu akuona. Zala zimenezo ndi zimene zinandiphunzitsa sukulu, ndipo ndakulandani ndine.

Fyness akamaliza kuwerenga musayankhe msanga. Loweruka likubwerali ndifika ndi basi ya m'mawa. Sindidzalowa m'nyumba. Ndidzakhala pansi pabwalo, opanda chipewa cha munthu wina, mpaka mudzandiuze nokha ngati ndikadali mwana wanu.

Ine,
Prosper